Kope la Chingerezi la ku Mpadue

Achimwene, lero posesa ndapeza kope langa la Chingerezi lija. Titangobwerako ku Malawi nkhondo itatha, munkatiphunzitsa m'kalasi yopanda denga ku Mpadue kuti tikapeze ntchito yomasulira kwa ochotsa mabomba. Tsiku lina munati timalize chiganizo ichi m'Chingerezi: "Nkhondo ikanapanda kubwera, lero ndikanakhala..." Tonse tinangozyolika. Kenako mayi wina wa ku Tsangano anayankha m'Chinyanja: "Ndikanakhala ndi ana anayi, aphunzitsi, osati mmodzi." Munafufuta pabolodi ndi chikhatho, n'kutipatsa za mvula ndi chimanga.

Tsamba langalo likadali lopanda kanthu. Ndatopa nako kuchimaliza mumtima zaka zonsezi. Mukanakhala moyo, bwenzi lero nditachilemba, inu n'kundikonzera ndi cholembera chanu chofiira chija.