Nditapita ndi Ana ku Chinde

Ndidabadwira ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja yamchere. Amayi adatsikira kumeneko kuchokera kumapiri a Alomwe, ndipo ankayanika nsomba ndi kuchapa zovala za azungu a m'sitima za pamadzi. Ine ndidachokako nditangomera ndevu, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ndidafikira pa esiteti ina ku Thyolo, kumene ndidayamba ndi khasu m'munda wa tiyi, mpaka patapita zaka adandilowetsa m'fakitale, kofotetsa masamba.

Pa layini ya nyumba za antchito anzathu ankatitchula Anguru, anthu opanda kwawo. Mwina ndicho chifukwa chake ndinkawasimbira kwambiri ana anga za kwathu: mchenga woyera, kokonati wongogwa yekha, msewu wachete wa mitengo kumene munthu ankamva mafunde okha. Mwana wanga wamkazi, wa zaka khumi, adafika poloweza zonsezi. Mlongo wake, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankangofunsa ngati n'zoona kuti madzi angakhale opanda tsidya.

Chaka china m'nyengo yachisanu, tiyi atasiya kuphuka, ndidapempha tchuthi kwa akapitawo. Adandipatsa masabata atatu. Mkazi wanga adatsala ndi khanda, ine ndi ana awiriwo tidayenda pansi mpaka ku Luchenza, tidakwera sitima ya pamtunda, kenako bwato lotsika ndi mtsinje. Njira yonse ndinkalankhula ndine.

Titafika ndidaima pagombe osadziwa kolowera. Msewu wa mitengo uja kudalibe. Pamene padali nyumba yathu padali madzi, ndipo zitsa za kokonati zinkaonekera mafunde akabwerera. Nyumba za malata za azungu zidali zitasasuka, mbuzi zikugona pakhonde. Sitima zikuluzikulu zidali zitasiya kubwera chiyambire njanji ya ku Beira.

"Ababa, ndi konkuno?" adafunsa wamkaziyo.

Ndidati tiyeni tiyende pang'ono.

Achemwali anga ndidawapeza kumtunda, m'kanyumba kofolera ndi makuti, masamba a kokonati, akusankha mpunga. Adandiyang'ana nthawi yaitali asadayale mphasa. Ana adagwada nawapatsa moni m'Chinyanja, ndipo akazi oyandikana nawo adaseka kalankhulidwe kawo.

"Awa ndi ana a Angelezi," adatero mmodzi.

Ndidafunsa za manda a amayi, poti uthenga wa maliro udandipeza patatha chaka, ndipo ndinkafuna kuti ana akaone pamene agona agogo awo. Achemwali adaloza kunyanja ndi mlomo.

"Ali uko, achimwene. Madzi adatenga manda onse. Amayi tidawaika tokha, ine ndi amuna anga, ndipo amuna angawo adatengedwa kukalima mzimbe, sadabwerenso. Inu mwabwera kudzaona malo."

Ndidamasula mtolo wanga. Nsalu imene ndidawatengera adailandira ndi manja awiri, naiika pambali osaifunyulula.

M'mawa mwake ndidatenga ana kupita nawo kumadzi, kuti ulendowo usapite pachabe. Wamwamunayo adathamangira funde, lidamugwetsa, adamwa madzi amchere nasanza. Sadafunenso kuyandikira. Wamkaziyo adakhala pamchenga akukanda miyendo imene udzudzu udatupitsa. Adatola tizigoba tiwiri chifukwa choti ndidamuuza kuti atole. Ndidakwera mtengo wa kokonati kuti ndiwaonetse mmene tinkachitira, koma ndidalekera pakati, ndipo ana a asodzi adandiseka ana anga akuona.

Tsiku lachinayi achemwali adabwera kuchokera kumsika akufulumira.

"Asipayi akufunsa za mlendo," adatero. Amenewa adali apolisi achikuda a Apwitikizi. "Wina wawauza kuti ndinu mwana wa kuno amene adathawa. Mukagona pano, mawa akumangani pachingwe. Nanga ana awa ndiwadyetsa chiyani ine?"

"Tiyeni tonse, achemwali. Ku Thyolo malo alipo."

"Kuti ndikakhale Mnguru pa layini? Pitani."

Tidachoka masana omwewo m'bwato la msodzi wina, titagona pansi pa ukonde wonunkha nsomba kufikira tidapitirira nyumba zomaliza. Kukwera mtsinje kudatitengera masiku ambiri kuposa kutsika. Tili m'njira wamkaziyo adayamba malungo, ndipo ku Nsanje tidakhala masiku asanu ndi limodzi pakhonde la munthu wachifundo, ndikumuthira madzi pamutu, kudikira kuti athe kuima.

Tidafika pa esiteti nditapitiriza tchuthi ndi sabata yathunthu. Akapitawo adamva nkhani yanga yonse mwaulemu, kenako adandiuza kuti m'fakitale mudalowa munthu wina. Adanditumiza kokadulira tiyi kumtunda, m'chifunga, pamodzi ndi anyamata ongofika kumene.

Mwanayo adachira, ngakhale khutu limodzi silidamvenso bwino. Mkazi wanga sadandinene ndi mawu, koma kwa miyezi ingapo akafuna kumuitana ankayenda kukamugwira paphewa ine ndikuona. Achemwali ndidawatumizira uthenga kawiri kudzera mwa anthu a m'mabwato. Sindidamve yankho, ndipo sindidziwa chaka chimene adamwalira.