Dzina Asintha, Nanga Njira ya Kusukulu?

Lachiwiri ndikupuntha nandolo pakhomo, aphunzitsi a kupulayimale kwathu kuno kwa Nazombe anafika ndi mlendo: mayi wachizungu waimvi, nsapato zili fumbi lokhalokha. Akuti ngwa ku Sikotilandi, ntchito yake n'kulemba mabuku a nkhani zopeka.

Ndinawayalira mphasa. Aphunzitsi, omwe ankamasulira, anayamba kumutamanda mlendoyo. Akuti anakulira kumudzi wa asodzi, ankatumbula nsomba m'fakitale, kulemba anayamba ali kale ndi ana. Buku lomwe linamutchukitsa ndi la mayi woledzera, woiwala ana ake panja.

"Mayi ameneyo anachita kupeka?" ndinafunsa.

Mlendoyo anaseka. Akuti ayi, ndi mayi ake omubereka, anangosintha dzina.

Ndinaika mtengo wopunthira pansi.

Mwana wanga Tadala ngwachialubino, ali Sitandade 1. Inu a kuno ku Phalombe simufunika kuuzidwa. Kusukulu ndimam'perekeza ndekha, poweruka ndimakam'tenga ndekha, ngakhale mvula igwe bwanji.

Mlendoyo anatsegula kope lake n'kuyamba kufunsa. Tadala amanyamuka nthawi yanji? Amadzera njira iti? Amagona ndi ndani?

"Amake Tadala, mwayi uwu," anatero aphunzitsi. "Dziko lonse lidziwa mavuto anu."

"Aphunzitsi, m'dziko lonselo muli okoma mtima okhaokha?"

Sindikuti mayiyo ngoipa. Anabweretsa mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Koma ngati ntchito yake n'kupeka, zoona zanga akuzifuniranji? Munthu amene sanabise mayi ake, mwana wanga am'bisa?

Vuto lathu ndi kope. Tikangoona mlendo watulutsa cholembera, timayesa kalembera wa thandizo. Tsiku lomwelo anzanga atatu anaima pampanda, aliyense akufuna alembedwe. Wina mpaka anaulula matenda a mwamuna wake asanafunsidwe n'komwe! Timayankha chifukwa kukanira mlendo kumaoneka ngati mwano. Koma mlendo amapita. Buku limatsala, limalowa m'mafoni, ndipo silisankha woliwerenga.

Mayiyo analonjeza kuti dzina la Tadala asintha.

"Chabwino," ndinatero. "Tawafunseni: kwawo kuja, atasintha dzina la amayi awo, anthu a m'mudzi sanawazindikire?"

Aphunzitsi anazengereza, koma anamasulira. Mlendoyo anavomera. Akuti mudzi wonse unawazindikira, mpaka amayiwo anasiya kupita kutchalitchi.

Iwo anangotaya tchalitchi. Ine nditaya chiyani?

Sindinakwiye. Ndinam'fotokozera za nandolo, mmene timaumitsira ndi mmene mavenda amatiberera pasikelo. Analemba masamba awiri. Potsanzikana ndinam'patsa nandolo m'jumbo kuti akalawe.

M'mawa mwake ndinam'veka Tadala chipewa chake n'kum'perekeza kusukulu. Njira imene tinadzera sili m'kope la munthu aliyense, ndipo ngakhale inu sindikuuzani.