Mfuti ya Yohane inali nkhafi ya bambo ake

Lachitatu lapitali, nditaweruka kusukulu, ndinaima pa siteji ya a kabaza pa Lungwena kuti ndigule tomato. Ndisanasankhe n'komwe mulu, kuseri kwa magolosale kunabuka phokoso, phokoso lija limakuuziratu kuti wina wagwidwa. Amayi anasiya malonda awo n'kuthamangira konko. Nanenso ndinalondola, pajatu mphunzitsi naye ndi munthu, zoonerera amazifuna.

Pakati pa gululo panali Yohane, mwana wa m'kalasi mwanga wa Fomu 3, atamukhazika pansi, malaya atang'ambika, nsapato imodzi palibe. Yohane yemwe uja amakhala kumbuyo n'kumagogoda desiki ndi cholembera mpaka ndimutulutse. Che Saidi, tcheyamani wa a kabaza, anali atanyamula mfuti yakuda bii. Wina anali atagubuduza kale tayala lakutha. Ntchito ya tayala pa gulu lotere mukuidziwa.

Nkhani yake inali yotere. Yohane amaimba hipihopu. Iye ndi anzake anajambula kavidiyo pafoni kuseri kwa chigayo, iye atavala chipewa chophimba nkhope theka, mfuti m'manja, akuloza wojambula. Kavidiyoko kanayenda foni ndi foni mpaka kanafika kwa a kabaza. Mwezi watha mnzawo wina analandidwa njinga yamoto ndi anthu amfuti pa msewu wa ku Chiponde, ndipo mpaka lero akuyendera ndodo. A kabazawo atamuzindikira mnyamatayo anakamutenga, n'kumukakamiza kuti atulutse chidacho kudenga la khitchini komwe ankabisa.

Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo. “Che Saidi, mwanayu ndimamuphunzitsa ine. Chinthucho tachionani bwino, ndi mtengo!”

“Taona kale, aphunzitsi,” anayankha mosakweza mawu. “Ndiye mukuganiza kuti munthu akakuloza nacho pokhota paphiri paja, umayamba wafunsa kuti ndi cha mtengo kapena cha chitsulo? Umangotsika njinga basi.”

Sanali kunama.

Nthawi yomweyo anatulukira a Mbewe, bambo ake a Yohane, msodzi wa usipa. Anali atadzutsidwa kutulo, malaya atavala chotembenuza, ali wefuwefu. Mwana wawo sanamuyang'ane n'komwe. Analanda mfuti ija, n'kuitembenuzatembenuza, kenako anatapa mchenga n'kuyamba kukwecha kutsinde kwake. Makala ndi oyilo wakutha wa injini zinachoka, ndipo panaoneka mizere itatu yowotcha ndi msomali wamoto. Asodzi kuno amaika zizindikiro zotere pa nkhafi zawo zopalasira bwato, kuopa kusokonezerana padooko.

“Nkhafi yanga!” anafuula a Mbewe. “Nkhafi yanga ya mlombwa! Inasowa sabata yathayi. Che Saidi, si yomweyi ndinatukwanizirana ndi alamu anu padooko, dziko lonse likumva?”

Che Saidi anawerengera mumtima. Njinga inalandidwa mwezi watha, pamene chinthuchi chinali chikupalasabe bwato mpaka sabata yatha. Wina anaphulika n'kuseka. Tayala lija linabwerera mwakachetechete komwe linachokera. A Mbewe anamudzutsa Yohane pomukoka khutu.

Tangoganizani. Mwana anapulumuka chifukwa bambo ake ndi aliuma, ndipo akataya chinthu satukwana chamumtima. Akanakhala bambo ofatsa, bwenzi lero ndikulemba za maliro.

M'mawa mwake mu ofesi ya aphunzitsi mlandu unali utagamulidwa kale: nyimbozi zawononga ana, aziletse. Ine sindikana zonse. Mfuti ya m'mavidiyo amenewa ndi yokongola. Imakhala m'manja mwa munthu wonenepa bwino, wa tcheni chonyezimira m'khosi, galimoto ili kumbuyo. Simuonamo chipatala, simuonamo mayi akugubuduka pansi. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi akaonera zimenezi tsiku ndi tsiku, aphunzirapo chiyani? Aphunzira kuti wogwira mfuti ndiye amene anthu amamuyang'ana. Chomwe samuuza n'chakuti woimba wakunja uja akamaliza kujambula amakwera galimoto yake n'kumapita kwawo, pamene wathuyu amabwerera wapansi, kudutsa pa siteji pa anthu amene ali ndi bala laliwisi.

Koma tisadziyeretse. Ife tinakula ndi mafilimu ankhondo a m'mavidiyo sho, tikatuluka n'kumakaumba mfuti zadothi, n'kumawomberana ndi pakamwa m'mapesi mpaka amayi atiitane. Kusiyana kwake n'kwakuti zathu zinkathera kudambo, pamaso pa anthu odziwa kuti uyu ndi mwana wa uje. Za ana a lero zimalowa m'foni, n'kukafika kwa munthu amene sakudziwa kuti mnyamatayu amaimba kwaya Lamulungu, ndipo amathawa nkhuku ikamazingidwa.

A kabaza nawonso sindingawatche zilombo. Ndi anthu amantha, odyetsa mabanja ndi njinga zomwezo, ndipo aliyense wokwera kumbuyo kwawo sadziwa chomwe wabisa m'jekete. Komabe tayala silifunsa mafunso, ndipo likayaka silibweza munthu. Che Saidi atandipeza Lachisanu anangoti, “Aphunzitsi, tikanachimwa.”

Chinandivuta kwambiri n'china. Kavidiyo kaja ndinakaonera kawiri, kachiwiriko nditatsinzina kuti ndimve mawu okha. Mulibe mfuti m'mawumo, ngakhale imodzi. Mwanayo akuimba za bambo ake kunyamuka ndi nyali madzulo, za amayi ake kusuzumira kunyanja mphepo ya mwera ikayamba, za manja ong'aluka ndi chingwe cha ukonde wa chilimira. Akusakaniza Chichewa ndi Chiyao mokoma kuposa chimangirizo chilichonse chomwe anandilemberapo. Mwana amene ndimamutulutsa m'kalasi chifukwa chogogoda desiki!

Atabwera kusukulu, diso lili lotupa, ndinamuitanira pansi pa mtengo wa mango.

“Iwe Yohane, nyimbo ya usipa ndi mfuti zikugwirizana pati?”

Anakanda pansi ndi chala chakuphazi. “Sizikugwirizana, aphunzitsi.”

“Nanga unaononga nkhafi ya bambo ako chifukwa chiyani?”

“Yoyamba ndinajambula ndili m'bwato, nkhafi yomweyo ili m'manja. Palibe anaonera. Anzanga anati ndikuoneka ngati wachimidzimidzi, ndipeze chinthu choti anthu aime nacho.” Anadzutsa mutu pang'ono. “Ndinaiikanso pa gulu lathu la kalasi lija la pafoni. Inunso mulimo.”

Atachoka ndinatulutsa foni n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Ndinadutsa mauthenga a mayeso, a tsiku lotsegulira, a yunifolomu. Kenako ndinaipeza. Kachithunzi kosaoneka bwino, mnyamata ali m'bwato, ndipo pakati pake kachizindikiro kosonyeza kuti sindinaitsegulepo. Yakhala pamenepo masabata atatu. Pansi pake palibe anayankhapo, ngakhale mmodzi.

Ya mfuti ija ndinaitsegula tsiku lomwe inandifika, osadandaula n'komwe za bandulo.

Ndiye inu amene mukuti nyimbozi ndizo zikuphunzitsa ana athu kuti wamfuti ndiye amayang'anidwa, mwina mukunena zoona. Koma Yohane atanyamula nkhafi, ndani mwa ife anamuyang'ana?