Kuyendayenda kwa a Daka

A Abednego Daka a ku Msanzala anali munthu wa pampando. Zaka makumi awiri anagwira ukalaliki ku Migodi, ndipo pobwerera kwawo mu 1956 anabwera ndi njinga, chipewa, ndi mimba yotsogola. Khasu ankati ndi la anthu osadziwa cholembera. Ngakhale kutchalitchi, pafupi ngati apa ndi apo, ankapita pa njinga.

Chaka chotsatira m'mimba munayamba kuvuta, akapita kuthengo n'kumaona magazi. Kuchipatala cha mishoni dokotala anapeza khansa m'matumbo, nadula powonongekapo, nasoka. Tsiku lotuluka analangiza m'Chingerezi, womasulira n'kuuza amai Keziah, akazi awo, kuti bambowa aziyendayenda tsiku lililonse, osaphonya.

Amai Keziah anangoti kukamwa yasa. Kwathu kuno mwamuna woyendayenda timamudziwa: ndi uja sapitirira khomo la mkazi wa mwini osagogoda. Pofika kumudzi anali atatsimikiza kale kuti mankhwala amenewo pakhomo pawo salowa. Anachenjeza amuna awo kuti akangodutsa nkhokwe, iwo amanga katundu ulendo wa kwawo ku Luembe.

Tsono a Daka Chingerezi ankachimva bwino lomwe. Zimene dokotala ankatanthauza anazimva, koma anakhala duu. Kalaliki wathunthu n'kumayenda pansi ngati wosaka mbewa? Anakhala pakhonde miyezi iwiri, mlendo aliyense akumudandaulira mwaulemu kuti amai awatsekera. Miyendo inatupa, m'mimba munauma, chakudya chinaleka kukoma. Pomwe Amon, mlimi amene anagona naye chipinda chimodzi kuchipatala kuja ndi nthenda yomweyo, anali atayamba kale kupalira mtedza, poti womulimira analibe.

Tsiku lokaonedwanso dokotala anadina miyendo ija, napukusa mutu. Anati akapitiriza chonchi, chimanga cha chaka chino sadya. Apo amai Keziah anaimirira, nakonza chitenje, nafunsa kudzera mwa namwino wa Chinsenga ngati ku Ulaya odwala amawachiritsa ndi chigololo. Namwinoyo anaseka mpaka kugwira khoma. Atapuma anafotokoza kuti nkhani ndi ya miyendo basi, kupita ndi kubwera, mpaka kathukuta katuluke.

Amai anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo, inu Chizungu mumamvela. Munali kuziwa?"

"Amai, mau a madokotala ni ozama," anayankha a Daka, maso ali kudenga.

"Chabwino. Mailo m'mawa tizaona kuzama kwake."

Kutacha amai anawatsogoza amuna awo ulendo wa kudimba, iwo m'mbuyo ngati wokusa ng'ombe. Tsiku loyamba a Daka anakhala pansi kanayi, akunena kuti msoko uphulika. Sunaphulike. Mlungu wachitatu kutupa kunaphwa, m'mimba munamasuka, ndipo anayamba kufunsa okha ngati ndiwo zatsalako. Ana a m'mudzi ankawatsatira kuti aone kalaliki akutuluka thukuta, mpaka zinawakwana.

Khasu lokha ndilo anakana mpaka mapeto. Anati kuyenda analamula ndi dokotala, koma za kulima sanazimve m'Chingerezi chilichonse. Amai anawalekera pamenepo, n'kuwapatsa dengu.

Chimanga cha chaka chimenecho anadya, ndi cha zaka zina zisanu pambuyo pake. Amene anawaona masiku amenewo amakumbukira mkulu wowonda akukwera chitunda cha kudimba, maungu ali paphewa, akuima pamwamba kudikira akazi awo n'kumawafunsa ngati miyendo yawo ili bwino.