Nkhono m'Dimba la Alamu

A Zanyengo amagulitsa mbande za kabichi pakhomo la msika. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pamsikapo, chifukwa bamboyu akangoyang'ana kumwamba ankakuuza ngati uyanike zovala kapena ayi, ndipo kawirikawiri ankalondola.

Mbandezo ankakapikula kuchigwa, kumene kunali kutabuka nkhono zachilendo zopanda chigoba, zodya tsamba mpaka kusiya mitsempha yokha. Mlamu wawo, mayi wamasiye wolera ana ndi dimba la kabichi, atamva zimenezi anakayika.

"Alamu, dothi la m'timapepala ta mbandeti silibwera ndi mazira a nkhonozo?" anafunsa mayiyo.

"Ngakhale libwere nawo." A Zanyengo anajambula mzere pansi ndi kamtengo. "Uku n'kuchigwa, chinyontho chaka chonse. Uku n'kwathu kuno, dzuwa loswa mtengo. Nkhono yopanda nyumba ikangowoloka mzerewu imauma ngati mamina pa tsaya la mwana."

Anthu anaseka, ndipo mayiyo anagula mbande zodzaza dimba lonse. Pofuna kumuthandiza, a Zanyengo anapita okha kukaphimbira mizere ndi udzu wokhuthala, namulangiza kuti azithirira m'mawa ndi madzulo, dothi lisaume ngakhale pang'ono.

Kabichi atayamba kukulunga mitu, mayiyo anawaitanitsa. Masamba anali zibowo zokhazokha ngati sefa. Iye anawerama n'kutukula udzu. Pansi pake, ponyowa ndi pozizira bwino, nkhono zinangoti mbwee, zonenepa.

"Ziuzenitu, alamu, kuti kuno n'kotentha," anatero motsitsa mawu. "Kapena sizinamve."

A Zanyengo anawerama n'kusuzumira nkhonozo. Iwo anawerengera dzuwa la kumwamba, osaganiza za kachigwa kamene anamanga ndi manja awo pansi pa udzuwo.

Kuyambira tsikulo ankalawirira kudimbako ndi chitini cha madzi a mchere, kutola nkhono asanapite ku msika. Kabichi sanapulumuke. Nkhonozo zinalowanso m'madimba oyandikana nawo, paliponse pamene panali udzu ndi madzi.

Mayiyo sanawanyozepo pagulu. Masiku ano akabwera pamsika amaima pa benchi lawo, n'kuwapatsa moni mwaulemu, n'kufunsa za kunyumba. Akatha amasuntha pang'ono n'kugula mbande kwa mnzawo wa pambali. A Zanyengo amadzuka n'kumusenza dengu la mbandezo pamutu, maso ali pansi.