Mizere ya pa Nkhafi

Ndinabadwa tsiku limene ndege zankhondo zochokera kutsidya kwa Zambezi zinaponya mabomba kwathu ku Kavalamanja. Anthu a m'tauni akamva zimenezi amatong'ola maso, koma ine sindikumbukapo kanthu, zonse ndinachita kumva. Amati unali mwezi wa Marichi, chimanga chitayamba kukhwima, ndipo mudzi wonse unathawira kumapiri. Amayi anga, ali ndi pakati potopa, anafika pakhwawa lina n'kukhala pansi, nati wofuna kuthawa athawe, iwo afika. Amene anatsala nawo ndi akulu awo, amene ife timawatcha amayi aakulu. Iwowa ndiwo anandilandira, nadula mchombo wanga ndi kabango kakuthwa.

Tsiku lomwelo amuna awo a amayi aakulu, amene anali msodzi, anabwerera kumudzi kukatsegulira mbuzi zimene anazisiya m'khola. Mbuzizo zinapezeka m'mawa mwake zikudya m'munda wa eni. Iwo sanapezeke mpaka lero. Panalibe manda, panalibe chithunzi, ndipo banjalo linali lisanaone mwana. Chimene chinatsala ndi nkhafi yawo yopalasira bwato, ndi ine.

Chaka chilichonse tsikulo likafika, amayi aakulu ankatulukira m'mamawa, nkhafi paphewa, mpeni m'manja, chimanga chowotcha atachikulunga m'chitenje. Ankandiimika pabwalo, nkhafi kumsana kwanga, n'kudula kamzere pamene pafika mutu. Kusukulu sanapondeko, ndipo kalendala ankati ndi pepala lopichirira fodya. Zaka zimene zapita chichokere amuna awo ankazionera pa ine. Mantha awo anali amodzi okha, akuti tsikulo likadzadutsa popanda wolizindikira, munthu uja adzakhala ngati sanakhaleko.

Musaganize kuti anali mayi wofatsa wongopukuta misozi. Pakamwa pawo panali lumo. Ndikaimira zala kuti ndioneke wamtali, ankanditsina khutu mpaka chidendene chigunde pansi. Tsoka linandigwera nditafika giredi naini, ndikuphunzira ku Katondwe, pamene thupi langa linangoti lakwana, osakulanso. Mizere inayamba kuunjikana malo amodzi mpaka nkhafi inaoneka ngati yatafunidwa ndi makoswe. Iwo ankati ndi ulesi wanga. Amuna awo, ankatero, ankawerama polowa m'nyumba, pamene ine ndikhoza kulowa m'khola la nkhuku chilili. Akatha kundinyoza ankandipatsa chimanga chija, n'kukhala pambali kundiyang'ana mpaka ndimalize.

Ndinene zoona, zinkandiwawa. Anzanga tsiku lawo lobadwa linali lawo. Langa linali la mudzi wonse, la amasiye, ndipo pambuyo pake linakhalanso la alendo obwera pa magalimoto kuchokera ku Lusaka ndi nkhata za maluwa kudzakumbukira amene anafa. Amayi aakulu kumeneko sankapita. Ankati sangapse ndi dzuwa kumvera Chingelezi pamene chikumbutso chawo chili ndi miyendo ndipo chimadya chimanga. Kumudzi palibe amene ankatchula zaka zanga osatsitsa mawu.

Nditapeza ntchito ya uphunzitsi ku Lusaka ndinapitirizabe kubwerera chaka ndi chaka, ndikudandaula njira yonse. Kukwera basi mpaka kuboma, kenako kupempha malo pa bwato kapena pa lole iliyonse yolowera kwathu. Ndiye chaka china anzanga a kuntchito anagwirizana ndi mkazi wanga kuti andigulire keke ya tsiku langa lobadwa. Munthu wamkulu, wa ana atatu, mtima unadumpha ngati wa mwana. Ndinatumiza uthenga kumudzi kuti mvula yawononga msewu. Msewu unalidi woipa, koma unali woipa chaka chilichonse. Paja amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika.

Kekeyo ndinadya, ndipo inali yokoma, bodza ayi. Anandiimbira, ndinazima makandulo, palibe amene anatchula ndege.

M'mawa mwake amayi anga anaimba foni. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangondiuza kuti akulu awo anasesa pabwalo, anawotcha chimanga, nakhala pansi pa mtengo wa masau nkhafi ili pamiyendo mpaka dzuwa linapendeka. Uthenga wa msewu anaumva, koma anati msewu sunandiletsepo. Msuweni wanga atawauza kuti angodula mzere pamalo pakale, poti msinkhu wanga aliyense akuudziwa, anamuyankha kuti iwo sadula mzere wa munthu amene sanamugwire. Chimanga anapatsa nkhuku.

Manyazi amene ndinamva sindinawamveponso. Chaka chonsecho ndinkaopa kuti foni ilira ndi uthenga wa maliro, ndipo ndidzapeza nkhafi itatsamira pakhoma ikusowa mzere umodzi chifukwa cha keke.

Mulungu anandichitira chifundo. Marichi wotsatira ndinafika ndi ana anga kutatsala masiku awiri, ndipo ndinawapeza alipo, koma maso atachita khungu. Sanandilonjere tsiku loyamba, kapena lachiwiri. Pa tsiku lenilenilo anaitanitsa nkhafi.

"Bwera kuno, iwe wa ku Lusaka. Manje msewu wapola?"

"Wapola, amayi. Ndinalakwa."

"Nidziwa. Imilira bwino."

Ndinati tidule mizere iwiri kuti tibweze wa chaka chatha. Anakana. Anati chaka chimenecho amuna awo anagona kuthengo okha, ndipo nkhafi isanamizidwe.

Popeza sankaona, anakweza dzanja kufunafuna pamwamba pa mutu wanga. Zala zawo zinayenda pang'onopang'ono, zinapeza dazi, zinatsikira m'mbali momwe mwatsala tsitsi. Anafunsa amayi anga ngati tsitsilo lili lakuda. Amayi anaseka, nati lakuda linatha, tsopano ndi imvi zokhazokha ngati waviika mutu mu ufa.

Dzanja la amayi aakulu linakhalabe pamutu panga. Ine ndinkadikira chipongwe cha chaka chimenecho.

"Imvi," anatero. "Uja analibe olo imodzi. Nenze kumuona ngati mdala, kansi anali mwana chabe. Wamupitilira, mwana wanga."

Aka kanali koyamba kuti andiyese ndi amuna awo ine n'kupambana. Ndinalira pamaso pa ana anga, ndipo iwo ananditsina khutu, nati ndisagwedezeke, ndiwononga muyeso. Kenako anandipatsa mpeni kuti ndidule ndekha, chala chawo chili pa nkhafi kundisonyeza malo.