Dzino la Yusufu

Ndikukumbukira fungo la utuchi wa paini. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo tikaweruka kusukulu tinkathamangira ku Mtiya, kuseri kwa shedi ya a Likoswe, kalipentala amene kale anali msilikali. Kuusilikaliko n'kumene anaphunzira judo, masewera ogwirana ndi kugwetsana popanda kumenyana. Matiresi ogwerapo analibe, choncho tinkadzaza utuchi m'matumba, n'kuwasoka, n'kuwayala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ukagwa fumbi linkakulowa m'mphuno, n'kumayetsemula njira yonse mpaka kunyumba.

Lamulo la a Likoswe linali lakuti aliyense akhale ndi mnzake mmodzi wofanana naye thupi, ndipo asamasinthe. Wanga anali Yusufu, mnyamata wa ku Chinamwali, woonda ngati ine koma wosakonda kulankhula. Loweruka ankakwera phiri kukathyola mabulosi ogulitsa m'mbali mwa msewu, n'chifukwa chake miyendo yake inali yolimba kwambiri. Miyezi yambirimbiri tinkangogwetsana awirife. Akandinyamula paphewa n'kundiponya, sankasiya mkono wa malaya anga. Ankaukoka kuti mutu wanga usagunde pansi, ndipo sanaiwalepo ngakhale tsiku limodzi.

Koma ine, abale, ndinali ndi mtima wa pusi: ichi chakoma, ichi chakoma. M'nyumba zoonetsera makanema tinkaona anthu akuuluka ndi mateche, ndiye ine ndizingogwa pautuchi ngati papaya? Ku Zakazaka kunali mnyamata wina wamkulu, tinkangomutcha Bonzo, amene anapachika thumba la mchenga mumtengo wa mango n'kumaphunzitsa nkhonya. Ndinayamba kupitako Lachiwiri ndi Lachinayi. Lachitatu ndinkazembera kwa wina wa kusekondale amene ankati amadziwa karate. Kwa a Likoswe ndinkangonena kuti amayi andituma kuchigayo. Chigayo chimenecho chinagaya chimanga chambiri chaka chimenecho!

Mkuluyo sanali wogona. Tsiku lina anasiya kupala thabwa n'kundiyang'ana mmene ndinaimira, zibakera zili m'masaya.

"Fanuwelo, manja akowo akuchokera kuti?"

Ndinangoyang'ana pansi.

"Nkhonya si zoipa," anatero. "Karate si yoipa. Ukafuna kupita pita, ine sindikwiya. Koma sankha imodzi, mwana wanga. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Ndamva, bambo," ndinayankha. Mumtimamu ndinkati nkhalambayi ikungochita nsanje.

Kamodzi pachaka kunkabwera mphunzitsi wamkulu wochokera ku Blantyre kudzayesa ana. Wopambana ankavula lamba woyera n'kumanga wachikasu. Mayesowo anali a awiriawiri: wina agwetse katatu mwadongosolo, mnzake agwe bwino, kenako asinthane. Kwa ine lambayo anali chokongoletsera chabe. Kwa Yusufu ayi. Atsibweni ake anali atanena kale kuti teremu ikatha asiye sukulu, akayambe kuwathandiza kucheka matabwa kuphiri. Chaka chotsatira sakanakhalaponso pautuchi paja. Iye ankangofuna kuchoka ali ndi kanthu kamodzi koti anamaliza.

Dzulo lake la mayeso anandikokera pambali n'kutulutsa kanthu m'jumbo. Anali lamba. Mayi ake anang'amba nsalu yakale yoyala pabedi, n'kuipinda kanayi, n'kuisoka pamanja, n'kuinyika mu utoto wachikasu. Utotowo sunalowerere bwino, malo ena anali oyererako, koma iye ankamugwira ngati dzira.

"Aise, mawa usandichititse manyazi," anatero akumwetulira.

"Iwe, ine ndi ndani?" ndinadzitama choncho.

Kunacha kuli nkhungu yotsika kuphiri, matumba atazizira. Anthu anabwera ambiri ndithu: makolo, ana a m'makomo oyandikana, ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa. Mlendo wa ku Blantyre anakhala pabenchi, kope lili pamwendo. Nditatembenuka ndinaona zimene sindinayembekezere. Bonzo ndi anyamata ake anayi anali atatsamira mpanda, manja ali m'matumba. Ndine ndemwe amene ndinawauza za mayesowo, podzitama.

Yusufu ndiye anayamba. Anandigwira kolala, n'kutembenuka, ine m'mwamba, pautuchi phi! Anagwetsa mokongola moti mlendo uja anagwedeza mutu n'kulemba. Anthu anaomba m'manja. Koma kumpanda kuja kunamveka mawu:

"Eee, thumba la makala latsika panjinga!"

Anyamata aja anafa nacho chiseko. Kachiwiri Yusufu anandigwetsanso, osaiwala kukoka mkono wa malaya. Ndikudzuka ndinamva Bonzo akuti, "Fanuwelo, zija ndinakuphunzitsa zija unagulitsa?" Makutu anga anatentha.

Kunatsala kamodzi kokha kuti Yusufu apambane. Anabwera manja ali otambasula, nkhope ili poyera, monga ankabwerera masiku onse, chifukwa pa judo palibe amene amabisa nkhope. Ndinamulandira ndi chibakera chamanja pakamwa.

Yusufu sanagwe. Anangoima, n'kulavulira m'dzanja lake, n'kuyang'ana. Linali dzino lakutsogolo. Magazi anatsikira pamalaya, ndipo posowa chopukutira anapita pamene panali jumbo yake, n'kutulutsa lamba wachikasu uja, n'kudzitseka naye pakamwa. Mlendo anatseka kope. Anati awiri amene atulutsana magazi sangapitirize mayeso, adzayesenso chaka chamawa. Nditayang'ana kumpanda, Bonzo ndi anzake anali atazemba kale.

"Dzanja langopita lokha!" ndinalira. "Sindinafune, bambo, langopita lokha!"

A Likoswe sanandimenye, sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikwapula ndi thabwa. Anayamba aperekeza Yusufu kuchipatala, ine anangondiuza kuti nditute matumba onse ndekha. Atabwerako anandipeza ndakhala pamatumbapo. Anati:

"Unkaganiza kuti ndikukuuza usankhe imodzi chifukwa cha iwe? Mnzako uja amabwera nkhope ili poyera chifukwa amadziwa chimene uchite. Akanadziwa kuti lero ndiwe wankhonya, akanadziteteza. Unamunamiza ndi thupi lako."

Sindinabwererenso ku Mtiya. Kwa Bonzo nakonso sindinapondeko, karate inatheranso pomwepo. Pa masewera atatu aja palibe ngakhale amodzi amene ndinatsala nawo. Teremu itatha Yusufu anakwera phiri ndi sowo ya atsibweni ake, ndipo ndikamuona patali mumsika ndinkakhotera kwa ogulitsa kaunjika.

Zaka zonsezi ndikamakamba nkhaniyi ndinkanena zomwe zija, kuti dzanja linangopita lokha, kuti kusakaniza masewera kunasokoneza thupi. Anthu ankandimvera chisoni. Lero ndili ndi imvi, ndinene zoona: dzanja silinapite lokha. Ndinaona nkhope ya Yusufu, ndinamva chiseko cha kumpanda, ndipo ndinasankha. Miyezi yonse ija ndinkakana kusankha chifukwa ndinkafuna kuti mbali zonse zizinditama, ndiye tsiku limene mbali ziwirizo zinakumana pabwalo limodzi, ndinasankha anthu amene ankandiseka, n'kutaya amene ankagwira mutu wanga kuti usagunde pansi. Zimandichititsa manyazi mpaka pano.

Yusufu aliko. Amapalasa njinga ya kabaza pa Chinamwali, miyendo ikadali yomwe ija. Mwezi watha mvula itandipezerera ndinakwera njinga yoyamba imene inaima, osayang'ana nkhope. Tili pamtsetse anatembenuka pang'ono n'kumwetulira, ndipo ndinaona mpata uja pakamwa pake.

"A Fanuwelo! Gwirani malaya angawa, msewu ukuterera."

Ndinagwira. Mawu opepesa amene ndakhala nawo zaka makumi atatu anafika pakhosi. Ndinati ndidikire tifike poima, kenako ndinaona kuti ndayambanso zija za chigayo.

"Yusufu," ndinatero kumsana kwake, "dzanja lija silinapite lokha."

Anapitiriza kupalasa, matope akuthovukira m'miyendo mwathu.

"Ndinkadziwa," anatero. "Ndinakuonani maso."